Ng'oma pa Mpando wa Kutsogolo

Galimoto ya apolisi inali ikuzungulirabe m'misewu ndi chimkuzamawu chake, kuuza anthu kuti namondwe wayandikira, aliyense athawire kusukulu ya pamtunda, pamene Khalfan anaimika pikapu ya bambo ake pakhomo pa agogo Marhoon. Kumwamba kunali bii ngati kunsi kwa mphika. Nyanja inkabangula. Ana inu, nyanja ikasintha mawu musamaime n'kumaionerera, imakhala ikusankha woti imutenge.

Bambo ake anali atatsogola kale ndi amayi ake ndi alongo ake pagalimoto ya amalume. Ponyamuka anangomusiyira mawu akuti, "Utenge a Marhoon, ndipo usadzere pakhwawa."

Koma Khalfan anayamba wadzera kukanyumba kosungirako ng'oma. Mnyamatayu ankaimba ng'oma m'maukwati, ndipo dzanja lake linkadziwika mpaka ku mzinda wa Sur. Amene anamuphunzitsa ndi agogo Marhoon omwewo, nkhalamba yoyandikana nawo nyumba, yopanda mkazi, yopanda mwana. Maso awo atachita ng'ala, anamupatsa ng'oma yawo yaikulu, ija ankayamba aifukiza lubani asanaigunde. Sabata yotsatira kunali ukwati wa mwana wa mwini maboti, ndipo kanali koyamba kuti Khalfan atsogolere gulu lonse. Tsono chikopa cha ng'oma chimadana ndi madzi. Chikanyowa chimalefuka, mawu ake n'kufa. Kumbuyo kwa pikapu kunali kosafolera, mvula inali itayamba kuwaza, ndipo kutsogolo kunali mpando umodzi wokha wa wokwera. Khalfan anakhazika ng'oma yaikuluyo pampandopo n'kuimanga lamba ngati munthu, zing'onozing'ono n'kuzipanikiza kumiyendo.

Agogo Marhoon anawapeza atakhala pakampando m'kati mwa chitseko.

"Salaam aleikum, agogo."

"Aleikum salaam. Khalfan eti? Ndakuzindikira mabuleki akowo, amalira ngati mbuzi yoona mpeni. Kuli nkhani yanji?"

"Palibe nkhani, agogo, n'zabwino zokhazokha," anatero Khalfan, poti ndi mmene timayankhira ngakhale denga likupsa. Kenako anati, "Bambo akuti ndikutengeni, tipite kusukulu."

"Aa, mwanangu, usavutike ndi ine. Mwana wa mchemwali wanga abwera kudzanditenga. Ndiponso mphepo ingatani ndi mafupa okhaokhawa? Pita."

Kuno ku Oman ngakhale mwana woyamwa chala amadziwa kuti munthu wamkulu savomera chinthu pa mawu oyamba. Ukamuitanira chakudya amakana, ukamupatsa malo amakana. Kuvomera msanga n'kwa opemphapempha. Iwe wamng'ono umakakamira, umachonderera, mapeto ake umalumbira kuti, "Wallahi, sindichoka pano popanda inu." Ukatchula dzina la Mulungu, wamkuluyo amadzuka akung'ung'udza, ngati akukuchitira iwe chifundo kuti lumbiro lako lisagwe pansi. Galimoto amakwera, ulemu wake uli wathunthu.

Khalfan ankazidziwa zimenezi. Ankadziwanso kuti mwana wa mchemwali wawoyo amakhala ku Muscat, kutali, ndipo sanaponde pakhomopo chiyambire chaka. Maso analinso nawo. Anaona agogowo atavala mkanjo woyera wa tsiku Lachisanu, nsalu ya kumutu yokulungidwa bwino, nsapato zili kumapazi, ndodo ili pamaondo. Anaona kachikwama kali pambali pa mpando, dzanja la nkhalamba litagwira kale chingwe chake.

Anacheukira pikapu ija. Madontho anali akukula.

"Chabwino agogo, ngati akubweradi."

Dzanja lija linasiya chingwe pang'onopang'ono.

"Akubwera. Pita bwino, mwanangu."

M'njira Khalfan ankadziuza kuti akangotsitsa ng'oma abwerera pompo. Ankadziuza mokweza, ngati pali wina womutsutsa.

Kusukulu kunali yakaliyakali. Anthu ankatsitsa matilesi, miphika, mbuzi, makanda. Suwaid, msodzi wina wokonda nthabwala, atasuzumira pazenera la pikapu anaomba m'manja.

"Bwerani mudzaone mkwatibwi wa Khalfan! Wamumanga ndi lamba, kuopa angathawe. Koma m'chiunomo ndi wonenepa, achimwene, mudzatha kumudyetsa?"

Anthu anaseka. Khalfan anayesa kuseka nawo, koma bambo ake anali atafika kale.

"A Marhoon ali kuti?"

"Akana, bambo. Akuti mwana wa mchemwali wawo akubwera."

"Nkhalamba imeneyi ndi mutu wake wouma! Bwera nawo makiyi kuno."

Amayi ake, mayi Zuwaina, anadikira mpaka bambowo atachoka. Anayang'ana ng'oma ili pampando, youma gwa. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Unalumbira?"

Khalfan anawerama n'kuyamba kumasula lamba. Lambayo anali wosavuta kumasula, koma iye analimbana naye nthawi yaitali. Mayiwo anagwira pakamwa ndi nsalu yawo n'kubwerera m'kalasi chammbuyo.

Bambo ake sanapite patali. Apolisi anawabweza pachipata: khwawa latsika. Khwawa lomwe lija anyamata amaseweramo mpira, lija anthu amaimikamo magalimoto chifukwa cha mthunzi. Anthu onse maso anali kunyanja, osadziwa kuti mvula inayamba kale kumapiri. Madzi saiwala khwawa, ana inu. Ngakhale litauma mpaka kumera mitengo, musamagonemo, musamamangemo, ndipo mukamva ngati magalimoto ambiri akubwera koma simukuwaona, thawirani pamtunda osatola ngakhale nsapato.

Za namondweyo n'zosasimbika bwino. Masana kunada ngati dzuwa lalowa. Mphepo inkalira m'mazenera ngati amayi pamaliro, malata ankauluka ngati mapepala, magetsi anazima, mafoni anangoti zii. Mvula siinkagwa kuchokera kumwamba, inkabwera chammbali. Amuna anatsamira zitseko ndi mapewa. Mayi wina anapempha kuti, "Khalfan, tagundako pang'ono kang'omako, ana asamve mphepoyi." Iye anapukusa mutu. Anakhala pakona, msana atalozetsa ng'oma zija, ndipo mpunga umene alongo ake anamubweretsera unazizira pomwepo.

Madzi ataphwa, apolisi analola amuna kutsika wapansi. Khalfan anali patsogolo.

Atafika pamene pankayambira msika anaima kakasi. Msika panalibe. Panali mchenga ndi miyala, ngati sipanakhalepo munthu chilengedwere dziko. Boti la asodzi linali litakhazikika pakati pa msewu, kutali ndi nyanja, mphuno yake italowa m'sitolo ya telala. Galimoto ina inali itatsamira mtengo wa kanjedza, matayala kumwamba. Ngamila yakufa inali itakodwa pampanda, khosi litapindikira kumsana. Fungo lake la matope, nsomba ndi zimbudzi linkachita kulowa m'kamwa. Amuna akuluakulu ankayenda pakamwa pali yasa, wina n'kumafunsa mnzake, "Kodi pano si paja panali pa Hamood?"

"Samala nthambo zamagetsi!" anakuwa bambo ake kumbuyo. Khalfan sanamve. Ankathamanga, matope akumufika m'maondo, nsapato imodzi itatsala kale m'mbuyo.

Nyumba yawo anaidutsa osaiyang'ana. Kwa agogo Marhoon chitseko panalibe, ndi mafelemu omwe. Analowa. M'katimo munali matope okhaokha, ndipo pakhoma panali mzere wakuda wosonyeza pamene madzi analekeza. Mzerewo unali pamwamba pa mutu wake.

"Agogo!"

Zii.

"Agogo Marhoon!"

Anayamba kufukula matope ndi manja, uku akuopa chimene manjawo angakhudze. Anapeza ketulo ya khofi. Anapeza ndodo. Atadzutsa mutu anaona bokosi lalikulu lamatabwa litakankhidwira pansi pa kazenera ka m'mwamba, kaja kali ndi zitsulo. Pazitsulopo panali patamangidwa nsalu ya kumutu, mfundo pamwamba pa mfundo, ndipo inali ndi magazi.

Anakhala pansi m'matope momwemo.

Suwaid anamupeza ali choncho. Nthabwala zinali zitamuthera naye.

"Dzuka, iwe. Asilikali anawatulutsa m'mawa ndi boti. Ali pakhonde la mzikiti wa kumtunda."

"Ali…"

"Akupuma. Dzuka."

Pakhonde la mzikiti anagonekapo ovulala, namwino akuyenda pakati pawo. Agogo Marhoon anali atatsamira khoma, atafunda bulangete la asilikali. Anaoneka ochepa ngati mwana. Manja awo onse awiri anali atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, ali pamiyendo pawo ngati mitolo iwiri ya munthu wina. Namwino anauza bambo ake a Khalfan kuti nkhalambayo inaima pabokosi madzi ali m'khosi, itadzimangirira kuzitsulo, mpaka kunja kunacha. Chitseko chitazuka chinadzawamenya pazala pomwepo, koma sanasiye. Zala zina zinali zoti zikadulidwa kuchipatala msewu ukatseguka.

Manja amenewo ndi amene ankagwira manja a Khalfan ali wamng'ono, n'kumawagundira pachikopa kuti amve pamene ng'oma imayankhulira.

Anthu anali atazungulira. Mayi Zuwaina nawo anali atafika ndi fulasiki ya khofi ndi kambale ka tende, zipatso za kanjedza. Bambo ake a Khalfan anagwada n'kupsompsona nkhalambayo pamutu, misozi ili mbwembwembwe, uku akukalipa.

"Bambo, mwatichititsa manyazi! Mwana ndinamutuma ndi galimoto, inu n'kukana? Mukanafa tikanauza chiyani Mulungu?"

"Ndi ine, ndi ine, musamunene mwanayo," anatero agogo Marhoon ndi mawu osasa. "Anandichonderera mpaka kugwada. Analumbira, anandikoka mkono. Ine ndi mutu wangawu ndinamuthamangitsa ndi ndodo. Mukundidziwa."

"Timakudziwani!" anatero wina, anthu n'kuseka pang'ono, kuseka kwa anthu otopa. Mkulu wina anasisita Khalfan paphewa. "Wayesetsa, mwana. Nkhalamba zathuzi n'zovuta."

Khalfan anayang'ana amayi ake. Iwo ankayang'ana pansi, akupukuta kapu imene inali youma kale. Zikanathera pomwepo. Palibe akanafunsanso.

"Sindinalumbire."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti anabwereza.

"Sindinalumbire, bambo. Sindinachonderere. Ndinafunsa kamodzi, atakana ndinanyamuka. Anali atavala nsapato, chikwama chili m'manja, ndinaona. Pampando ndinali nditaikapo ng'oma."

Dzanja lija linachoka paphewa pake. Bambo ake anadzuka pang'onopang'ono, akumuyang'ana ngati mwana wa eni amene sanamuonepo.

Amene anayankhula ndi agogo Marhoon. Anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo, maso awo oyera aja akufufuza.

"Taonani mwana wopanda mwambo. Ukunditsutsa pagulu, ine? Ndakhala wabodza tsopano?"

"Agogo, ine…"

"Khala chete. Ndakumva, ndipo onsewa akumva. Zakwana." Anapuma kaye, chifuwa chikulira. "Zuwaina, khofi amene ndikumumva fungoyo ndi wa alendo kapena ndi wathu? Mupatse mwanayo kapu. Ine manja ndilibe."

Mayi Zuwaina anathira khofi n'kupatsira mwana wawo. Khalfan anagwada, mkanjo wake uli matope okhaokha, n'kufikitsa kapuyo pamilomo ya nkhalamba. Dzanja lake, lija linkadziwika mpaka ku Sur, linapendeketsa kapuyo msanga moti khofi anatayikira m'ndevu zawo.

"Pang'onopang'ono, iwe," anatero agogo Marhoon. "Uzolowere. Ntchito imeneyi siitha lero."