Andipeza ndi Vuto M'magazi

Anakumana chifukwa cha makina osokera amene ankangodula ulusi. Telala, mtsikana waluso koma wa mtima wapachala, anali atatsala pang'ono kuwaponya panja pamene mnyamata wokonza makina anafika ndi kachikwama kake ka zitsulo.

"Makinawa alibe vuto, asisi," anatero mnyamatayo akumwetulira. "Akungonjenjemera ndi kukongola kwa mwiniwake."

Bodza loonekeratu, koma linagwira ntchito! Posakhalitsa mnyamata uja anamupatsa dzina loti Kasingano, ati chifukwa anamubaya pamtima. Mameseji ankagwa ngati mvula. "Kasingano wanga, popanda iwe sindipuma." "Ukadzadwala, ndidzadwala nawe." Makolo anadziwitsidwa, ndipo Kasingano anayamba kudzisokera yekha diresi laukwati.

Kenako mwendo wake wamanzere unatupa, n'kumatentha, n'kumawawa. Iye ankati n'kupalasa makina tsiku lonse, koma mayi ake anamukokera kuchipatala. Kumeneko anapeza kuti magazi aundana mumtsempha. Adokotala atafunsa za kumtundu, mayi anakumbukira mng'ono wawo amene anabanika n'kumwalira mwadzidzidzi atangobereka kumene.

Zotsatira zitatuluka, adokotala anafotokoza mofatsa. M'thupi muli timapuloteni toletsa magazi kuundana chisawawa, ndipo iye anabadwa ndi tochepa. N'chotengera, si chopatsirana. Amwe mankhwala, asamakhale pamakina osadzuka, asayambe mapiritsi olera asanafunse, ndipo akadzaima padzafunika kumuyang'anira kwambiri. Anamuuza kuti abwere ndi bwenzi lakelo adzamve limodzi.

Kasingano anachita mantha. Kodi mnyamata uja avomera mkazi woti mimba yake n'kupita kuchipatala kosatha? Analemba mwachidule: "Wokondedwa, ndayezetsa. Andipeza ndi vuto m'magazi. Bwera tikambirane."

Yankho zii.

Anaimba, foni inkangoitana. Analembanso, munthu anawerenga koma osayankha. Ndiye kudwala naye kuja n'kumeneku? Munthu amene ankatumiza meseji ngakhale yongofunsa ngati wamwa madzi, lero zala zauma? Kasingano anapsa mtima mpaka anasoka kolala ya kasitomala chozondoka, n'kuisomola akulira ndi ukali.

Zitamukwana, anatsimphina mpaka kukashopu ka mnyamatayo. Anamupeza atakhala pakati pa mitu ya makina akufa, ndevu zili nyankhalala, maso atalowa m'kati. Atangomuona, mnyamata uja anagwada pa simenti ya mafuta.

"Ndikhululukire, Kasingano. Ndakupatsira ndine."

"Wandipatsira chiyani?"

"Kachilomboko. Mtsikana wa kusaluni uja ndi amene wandipweteketsa. Ndimafuna ndimusiye ukwati usanafike, ndikulumbira."

Apa m'pamene Kasingano anazindikira chimene chinachitika. Mawu oti "vuto m'magazi" mnyamatayo anawamva mmene amamvera aliyense amene mtima ukumutsutsa. Ndipo wa kusaluniyo anali yemweyo amene analonjeza kudzamuluka tsitsi laukwati!

"Vuto langa ndinabadwa nalo," anatero Kasingano ndi mawu otsika. "Magazi anga sachedwa kuundana. Ndi za kumtundu kwa amayi. Sizipatsirana."

Nkhope ya mnyamatayo inawala pompo. Anadzuka, n'kudzisasa m'mawondo, mpaka kuseka. Chimene chinamuwawa kwambiri Kasingano n'chimenecho. Sanafunse za mwendo, sanafunse ngati munthu amafa nazo.

"Ndiye kuti tili bwinobwino, duwa langa? Tiiwale zimenezi."

"Tili bwino ndani? Ine ndinabwera kudzakufunsa ngati ungandikonde ndi zimene ndinatengera kwa makolo anga. Tsopano ndiyambenso kuopa zimene ndatengera kwa iwe."

Mnyamata uja anatambasula dzanja, koma Kasingano anali atatembenuka kale. Anatsika kakhonde mosamala, mwendo ukuwawa, misozi ikutsikira m'khosi. Sanalowere kunyumba. Anakwera basi yobwerera kuchipatala konkuja, kukaimanso pamzere woyezetsa magazi, ulendo uno chifukwa cha munthu amene ankamukhulupirira.