Mbuzi za Nalva Ziponda Damu

Linali tsiku la Yosefe Woyera. Tinakhala panja, tikuyang'ana ngati mvula ibwera. Kwathu amati ikapanda kugwa pofika tsiku limeneli, chakacho ndi cha chilala. Azakhali anga a Nalva ndi amene anandiuza nkhani iyi. Akuti zinachitika iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Nalva ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna amayi ake abwerere.

Kwathu kuno ku Ceará mvula imavuta. Nthawi imeneyo mtsinje unali mchenga wokhawokha. Anthu ankakwera lole n'kumapita. Nyumba iyi inatsekedwa. Nyumba iyo inatsekedwa. Zuleide, mnzake wa Nalva, anapita. Amayi ake a Nalva nawonso anapita. Anakalowa ntchito yochapa m'tauni.

"Damu likasunga madzi, ndibwera," anatero pokwera lole.

Anatsala awiri, Nalva ndi bambo ake, a Aristeu. Panali bulu mmodzi. Panali mbuzi khumi ndi ziwiri. Mbuzi yaikulu dzina lake linali Pipoca. Nalva ankacheza ndi Pipoca. Pipoca sankayankha. Ankangotafuna.

A Aristeu anali atamangapo kale khoma la dothi pamtsinje kuti pakhale damu. Mvula inagwa tsiku limodzi lokha. Madzi anaboola khomalo. Madziwo anapita onse.

Tsopano a Aristeu ankafuna kumanganso. A Belarmino, anansi awo omaliza, anawakuwira ali pa lole.

"Achimwene, mukumanganso? Musungamo chiyani, thukuta?"

"Muyende bwino," anayankha a Aristeu.

Lole itapita, a Aristeu anaitana Nalva.

"Mwanangu, ndiyesa kamodzi kokha. Likagwanso, ndigulitsa mbuzi. Iwe ndikakusiya kwa masisitere. Ine ndikafuna ntchito."

"Mugulitsa ndi Pipoca yemwe, ababa?"

"Ndi Pipoca yemwe."

Nalva anapita yekha pa khoma logumuka lija. Anakhala pansi. Panalibe mwana womuitana. Panalibe galu wouwa. Panali mphepo yokha.

Kenako anaona chinthu. Khoma lonse linagwa, koma chigawo chimodzi chinatsala. Chinali chiimire. Apo ndi pamene mbuzi zinkadutsa tsiku ndi tsiku.

Nalva anatola kamtengo. Anabaya dothi lakugwa. Kamtengo kanalowa. Anabaya pa njira ya mbuzi. Kamtengo kanathyoka. Anathamanga kukaitana bambo ake.

"Ababa, tabwerani muone. Apa kalowa. Apa kathyoka."

A Aristeu anamenyapo ndi khasu. Khasu linalira ngati lagunda mwala. Anavula chipewa chawo chachikopa. Anakanda mutu.

"Ine ndinangounjika dothi mofulumira," anatero. "Ndiye kuti mbuzi yandiposa nzeru?"

"Pang'ono pokha, ababa."

A Aristeu anaseka. Anali asanaseke chichokere amayi.

Anayamba ntchito. A Aristeu anakumba mpaka anafika pa nthaka yolimba. Bulu ankatuta dongo m'mabokosi awiri. A Aristeu ankayala dongolo pang'ono, kukhuthala ngati chikhatho. Ankawazapo madzi amchere osamweka a pachitsime.

Nalva ankafumbata mchere m'manja. Pipoca ankatsata mcherewo. Mbuzi zonse zinkatsata Pipoca.

"Pondani, pondani," ankatero Nalva.

Zinkapita uko. Zinkabwerera kuno. Nalva nayenso ankaponda ndi mapazi ake.

Dongo lina. Madzi ena. "Pondani, pondani."

Masana ankadya nyemba ndi ufa wa chinangwa. Ankadya awiri. Khoma linafika m'mawondo. Linafika m'chiuno. Linapitirira chipewa cha a Aristeu.

Pambali, pa thanthwe, a Aristeu anasiya ngalande.

"Madzi akachuluka, azitulukira apa," anatero. "Asakwere pa khoma."

Tsiku la Yosefe Woyera linafika. Mvula sinagwe. Mawa lake sinagwe. Nalva anakumbatira khosi la Pipoca.

Tsiku lachitatu kunada. Mvula inagwa. Mtsinje unabwera ukukokoma, wofiira ndi matope. Nalva ndi bambo ake anaima pamtunda, akunyowa.

Madzi anagunda khoma. Anakwera. Anakwerabe. Nalva anagwira dzanja la bambo ake.

Madzi anapeza ngalande ija. Anatulukira pa thanthwe. Khoma silinagwedezeke.

A Aristeu anatuma woyendetsa lole. "Mukamuuze mkazi wanga kuti madzi akhala."

Sabata inatha. Ina inathanso. Lole inkangodutsa. Loweruka lina inaima. Amayi anatsika ndi kachikwama kamodzi.

Anayang'ana madzi nthawi yaitali. Kenako anakhazika Nalva m'mphepete mwa damu. Anayamba kumusambitsa miyendo. Mapazi ake anali ong'ambikang'ambika.

"Mapazi awa atani, mwana wanga?"

"Amenewo ndi a mbuzi yathu ya khumi ndi chitatu," anatero a Aristeu.

Amayi anaseka, misozi ikutsika. Pipoca anabwera kudzanyambita dzanja la Nalva. Munalibe mchere, koma ananyambitabe.

Zuleide sanabwerere. A Belarmino sanabwerere. Koma pa chakudya anakhala atatu.

Azakhali anathera pamenepo. Kumwamba kunalibe mtambo. Khoma la damu lathu latsopano linali lisanafike m'chiuno. Ine ndinanyamuka, ndinatapa mchere, ndinakatsekulira mbuzi.