Ndege ya Akaputeni Inali Isanatere

"Mvula ikukhuthuka, nyali za pabwalo zazima, injini ikutsokomola ngati nkhalamba ya chifuwa. Ine ndinangoti, ndege iwe, lero udziwa amene wakukwera!"

Amene ankayankhulawo anali Akaputeni. Ukaputeniwo sanaupate kusukulu iliyonse. Ntchito yawo inali yozula anthu mano, koma Loweruka lililonse ankavala jekete yachikopa n'kupita ku kalabu ya okonda kuulutsa ndege zing'onozing'ono, komwe anadzipatsa okha dzinalo mpaka anzawo anatopa n'kutsutsa. Kalabuyo inali ndi ndege ziwiri, shedi imodzi, furiji, ndi anthu khumi ndi awiri amene ankauluka ola limodzi pa mwezi n'kumakamba za olalo masiku onse otsala.

"Chaka chatha mvula imeneyi inali yowaza chabe," anatero Aloya, maso ali m'tambula. "Ikukula bwino."

"Ndipo mphepo munkati inkachokera kumanzere," anawonjezera Mayi a Famasi.

"Inkachokera konsekonse, mayi! Makaniko wathu uja, Sipanala, amene ndinamutenga kuti akamvetsere injini, anali atatsinzina, akuitana amayi ake. Ndegeyo ndinaitsitsa ndi dzanja limodzi, linalo ndikumusisita pamsana."

Anthu anaseka monga ankasekera kwa zaka khumi ndi zisanu. Aloya okha anangotukula nsidze imodzi n'kumeza chakumwa chawo.

Cha m'ma leveni koloko, galimoto ya Akaputeni inakana kulira. Anatsegula boneti, nayang'ana m'katimo ndi nkhope ya munthu wodziwa, natsekanso. Mayi a Famasi anati awaperekeza pa galimoto yawo akamaliza kutseka kalabu, koma iwo anakana. Munthu wotsitsa ndege mumdima angamanyamulidwe ngati katundu? Nyumba yawo inali kutsidya kwa bwalo, ulendo wa mphindi makumi awiri potsata mpanda wa waya. Anakweza kolala ya jekete, nauyamba.

Poyamba ankaimba kamluzu. Nyali za kalabu zitabisika kumbuyo, kamluzuko kanauma kokha.

Chapakati pa njirayo panali shedi yakale yopanda zitseko, imene a m'kalabu ankaitcha manda. Kumeneko n'kumene ankataya ndege zakufa: mapiko othyoka, matayala ophwa, mipando yotuluka thonje. Masana Akaputeni ankadutsapo akuloza ndi chala, kufotokozera alendo zimene oyendetsa ake analakwitsa. Usiku umenewu anadutsa akuyang'ana nsapato zawo.

Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono. Koma nsalu yosonyeza mphepo, pamwamba pa mtengo wake, inali itaima njo, ngati kukuomba chimphepo.

Kenako fungo. Mafuta a ndege... ndi mvula.

Anayang'ana kumwamba. Nyenyezi zokhazokha.

Anafulumiza. Kudzanja lamanja, wina anafulumizanso.

Anaima. Winayo anaima.

"Mwaswera, bwana."

Anali munthu wamfupi, wovala ovolosi yodetsedwa ndi girizi, yonyowa ngati wangotuluka mumtsinje. Akaputeni anamuzindikira.

"Sipanala! Iwe, ukufuna kupha munthu? Unasowera kuti zaka zonsezi?"

"Ndili pomwe munandisiya, bwana."

Apa ndi pamene anaona manjawo. Sipanala anali atawatambasula kutsogolo, zibakera zili zofumbata, ngati wagwira chinthu. Koma munalibe kanthu. Mikono inkanjenjemera, misempha ili tolotolo.

"Tsitsa manjawo."

"Sindingathe. Simunayankhe."

M'ndege ya anthu awiri muli lamulo limene aliyense amaphunzira tsiku loyamba. Wopereka chiwongolero amati, "Yanu." Wolandira amati, "Yanga." Ndipo wopereka sachotsa manja kufikira atamva yankholo, kuopa kuti ndege ingatsale yopanda mwini. Akaputeni ankalidziwa lamulolo. Ankadziwanso chimene chinachitikadi usiku wa mvula uja: kuti injini itatsokomola kachitatu, iwo anakuwa kuti, "Yako! Yako!" n'kubisa nkhope m'jekete. Kuti Sipanala, wopanda laisensi, wongophunzira poonerera, anati, "Yanga," naitsitsa ndegeyo mumdima. Kuti matayala atagunda pansi iye anati, "Yanu, bwana," koma bwanayo anali atadumphira kale panja, kukalandira anthu amene ankathamanga ndi matochi akuomba m'manja. Sabata yotsatira Sipanala ananena zoona kamodzi kokha, ndipo komiti inamuchotsa ntchito chifukwa cha mwano. Povota, dzanja loyamba kukwera linali la Akaputeni.

"Zimenezo n'zakale, Sipanala. Bwera ku ofesi Lolemba, tikakambirane ngati akuluakulu."

"Mafuta atsala pang'ono, bwana."

"Mafuta a chiyani?"

"Yanu."

Pansi panapendekeka.

Akaputeni anagwira waya. Makutu anatseka, monga amachitira ndege ikamatsika. Anayang'ana pansi... ndipo pakati pa nsapato zawo anaona timagetsi. Ting'onoting'ono. Kutali kwambiri. Misewu, madenga, zonse pansi pawo!

"Yanga," ananong'ona. "Yanga, yanga, basi!"

Sipanala sanatembenuke. Madzi ankayenderera pankhope pake, iye osaphethira.

"Sizikumveka, bwana. Munaikana pa anthu, muilandire pa anthu."

Injini inatsokomola. Panalibe injini. Inatsokomolanso.

"Tikutsika... tikutsika msanga."

Akaputeni anathamanga. Osati kunyumba, nyumba inali kutali. Anabwerera ku kalabu, jekete ikukupiza, nsapato imodzi itatsala m'udzu. Sanayang'ane kumanja. Panalibe chifukwa. Ankamva kupuma kwa Sipanala pomwepo, paphewa. Munthuyo sankathamanga. Ankangokhala pambali pawo, ngati wakhala pampando.

Anagwera m'kalabu chitseko chili pafupi kutsekedwa. Munatsala atatu: Aloya akuvala chipewa, Mayi a Famasi makiyi ali m'manja, ndi Aphunzitsi opuma amene ankasanja mipando.

"Nanga n'chiyani, Akaputeni? Mwatera mwadzidzidzi?" anafunsa Aloya.

"Khalani pansi. Nonse. Ndikufuna mboni."

Mawuwo sanali amatama a Loweruka aja. Onse anakhala.

"Ndege ija sindinaitsitse ine," anatero Akaputeni. "Ndinaisiya m'mwamba. Woitana amayi ake ndinali ineyo. Anaitsitsa ndi Sipanala, yekha, mumdima. Ananena zoona, ine ndinam'chotsetsa ntchito. Aloya, lembani ngati mukufuna, ndisayina."

"Palibe chofunika kulemba," anatero Aloya mofatsa. "Tonse tinaona thalauza lanu usiku uja. Mvula sinyowetsa kutsogolo kokha."

"Ndiye muitaneni alowe. Ali pakhomopo. Tim'bwezere ntchito yake, ndim'pepese pamaso panu."

Palibe anasuntha. Furiji inang'ung'udza, kenako inaleka.

"Ndani ali pakhomo?" anafunsa Aphunzitsi.

"Sipanala! Ndayenda naye kuchokera kumanda a ndege kuja."

Mayi a Famasi anaika makiyi patebulo pang'onopang'ono, kuti asalire.

"Achimwene," anatero Aloya, ndipo aka kanali koyamba kusawatcha Akaputeni, "Sipanala tinamuika zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Bokosi ndinanyamula nawo ine. Tinakutumizirani uthenga, munati muli ndi odwala ambiri."

"Ayi... ayi, ndayankhula naye..."

"Ine ndinali m'nyumba ya maliro," anatero Mayi a Famasi. "Manja ake anakana kugona. Amuna anayi anayesa kuwawongola, analephera. Mkazi wake anachita kuitanitsa kalipentala kuti akweze chivundikiro cha bokosi."

Pansi pa chitseko panayamba kulowa madzi. Mzere umodzi woonda, ukukwawa pa simenti, kulunjika phazi lopanda nsapato lija. Matambula a pa shelefu anayamba kugundana, ngiri ngiri ngiri, monga amachitira ndege ikamadutsa pafupi ndi denga. Aphunzitsi anagwira makutu.

Ndipo kuseri kwa chitseko, mawu otopa, aulemu, amene onse anayi anawamva:

"Yanu, bwana."

Akaputeni anayang'ana Aloya. Aloya anavula chipewa.

"Muyankheni. Tikumva."

Akaputeni anaimirira. Mawu anabwera, aang'ono ngati a mwana, koma omveka.

"Yanga."

Matambula anatonthola. Kunja, pabwalo lamdima, chinthu cholemera chinagunda udzu, chinadumpha kamodzi, n'kugudubuzika pang'onopang'ono kufikira chete. Wina anapuma mpweya wautali pakhomopo, ndipo mapazi anachoka, opepuka, osafulumira.

"Watera bwino," ananong'ona Aloya.

Onse atatu ankayang'ana manja a Akaputeni, amene anali atayamba kukwera okha kutsogolo, zala zikufumbata chinthu chimene panalibe amene ankachiona.