Mzati wa Tuyara Ukukwera

Tuyara ankafuna hatchi yakeyake. Ankaifuna m'mawa. Ankaifuna masana. Ankaifuna mpaka abambo ake anatopa naye.

"Chabwino, tenga Boron," abambo anatero. Boron anali hatchi yaing'ono, yotuwa, yaubweya wambiri. "Koma hatchi ya pakhomo imafuna mzati womangirapo. Mzati ukagwa, Boron abwerera kwa anzake kunkhalango."

Tuyara anakumba dzenje m'dongo. Anaimika mzati. Anakwirira. Ataugwedeza, unagwedezeka pang'ono. Mtima wake sunakhale m'malo.

Kwathu kuno, kudziko lozizira mpaka madzi ndi nthaka kuundana, kukayamba kuzizira timamata zinthu ndi madzi. Amayi a Tuyara ankawaza madzi pakhoma la khola la ng'ombe. Madziwo ankaundana, mphepo n'kusowa polowera.

"Nanenso ndimata mzati wanga," Tuyara anadziuza.

Anathira ndowa ya madzi patsinde pa mzati. Dongo linamwa. Mawa lake anathiranso. Dongo linamwanso. Sanauze munthu, poti Tuyara ndi mwana wosafunsa.

Chisanu chinafika. Nthaka inaundana gwa. Mzati unalimba, Tuyara n'kuvina.

Koma kuvinako sikunakhalitse. Pomangira chingwe pamzatipo panali polingana ndi chifuwa chake. Kenako panafika pachibwano. Kenako pamphuno. Mzati unkakwera.

Tuyara anathamangira kwa mchimwene wake, Michil.

"Achimwene, inu ndi amene mukuzula mzati wanga."

"Ine? Ndi mphamvu ziti?" Michil anaseka. "Mwina iweyo ndi amene ukufupika."

Tuyara sanaseke. Ankalowa m'nyumba. Ankatuluka kukaona mzati. Ankalowanso. Ankatulukanso.

"Iwe, ukutilowetsera mphepo," amayi anatero. "Poti miyendo ikukuyabwa, tiye ku buluusi tikatenge nsomba."

Buluusi ndi dzenje lakuya losungiramo nyama ndi nsomba. Pansi pamenepo nthaka sisungunuka, ngakhale nthawi yofunda.

Anatsika pamakwerero. Tuyara anaunika khoma ndi tochi. Anaona mizeremizere. Dongo, madzi oundana. Dongo, madzi oundana.

"Amayi, anathira madzi m'khomamu ndani?"

"Palibe. Dongo limamwa lokha. Likamazizira, limakoka madzi apafupi. Madziwo amaundana m'kati mwake. Kamzere kamayamba kopyapyala ngati chikhadabo. Kamakokanso madzi ena. Kamanenepa. Kakanenepa, kamakankha dongo m'mwamba."

"Ndi zonse zimene zili m'dongomo?"

"Zonse. Miyala, mipanda, chilichonse."

 Tuyara anafunsa chapansipansi.

"Nanga munthu akamalimwetsa yekha dongolo?"

Amayi anamuyang'ana. "Kani ndowa yanga ija inkapita kumeneko?"

Tuyara anawerama.

"Pepa mwanangu," amayi anatero. "Kukafunda, madzi oundana apamwamba asungunuka. Dongo likhala ngati phala. Mzati wako usowa pogwira."

Tuyara anachita mantha. Mzati ukagwa, Boron apita.

Masiku anapita. Dzuwa linayamba kufunda. Mzati unapendekeka pang'ono. Tuyara anauchirikiza ndi nkhuni. Unapendekekanso. Anauchirikiza ndi benchi. Unapendekekabe.

Anapita kwa abambo.

"Ababa, ndithandizeni. Ndikufuna kukumbanso. Ndifike pa nthaka ija yosasungunuka, ngati ya mu buluusi. Ndipo dongo ayi, sindikwiriranso ndi dongo."

"Pansipo mpouma ngati mwala. Upirira?"

"Ndipirira."

Abambo anasonkha moto pafupi ndi mzati wakale. Nthaka inafewa pang'ono. Tuyara anakumba. Abambo anasonkhanso moto. Tuyara anakumbanso. Manja anapweteka, koma sanaleke. Dzenje litamuzamira, abambo anamulandira fosholo.

Michil anatuta timiyala kumtsinje. Timiyala sitisunga madzi ngati dongo.

"Ndikudikirabe pepani wanga," Michil anatero.

"Pepani, achimwene."

"Sindinamve bwino."

"Mwamva. Tutani timiyala."

Anazula mzati uja. Anakhomera mtengo wopingasa kunsi kwake. Anauimika m'dzenje latsopano, pansi penipeni. Anakwirira ndi timiyala tokhatokha.

Kenako matope anadzaza pabwalo ponse. Mpanda wa khola unapendekeka. Tuyara analephera n'kudya komwe.

"Tiyeni tiuyese mzatiwu," abambo anatero.

Anaukankha ndi phewa. Sunasunthe. Michil anaukankha. Sunasunthe. Amayi nawo anabwera kudzathandiza. Onse atatu anakankha mpaka Michil anaterereka, n'kukhala phwata m'matope. Mzati sunasunthe.

Abambo anapukuta thukuta. Anapereka chingwe kwa Tuyara.

"Mwini wake amange yekha."

Tuyara anamanga Boron pamzati. Anamukumbatira m'khosi. Anabisa nkhope mu ubweya wake wofunda.

"Wamva, Boron? Supita kulikonse."