Nsalu Yoyera mu Vidiyo ya Flossy

Inu, za Saulos wojambula mavidiyo pa Bangula simunazimve? Ndiye mukukhala kuti?

Loweruka lina anajambula ukwati wa bambo Sebastiano, aja a nsomba zouma, ndi kamtsikana kawo Flossy. Ukwati wake wothamangira. Mayi Clotilda, mkazi woyamba, anali atangotha miyezi itatu m'manda, akuchikazi asanawasudzule n'komwe bambowo. Komabe anthu tinapita, mpunga tinadya.

Chinalakwika ndi tenti imene anaimika pakhomo pa bambowo. Inali yobiriwira, ndiye mu vidiyo anthu onse anatuluka obiriwira. Flossy atasuzumira pakompyuta anagwira m'chiuno.

"Achimwene, ndinakwatiwa ndili chule ine? Mundiyeretse. Mawa m'mawa ndidzatenga."

Madzulo magetsi atayaka, Saulos analowa m'kashopu kake kopanda windo, n'kukoka chitseko chachitsulo kuopa udzudzu. Kutentha kwake kwa Okutobala kuja. Ntchitoyo njosavuta: umaloza ndi mausi chinthu chimene ukudziwa kuti n'choyera, kompyuta n'kukonza mitundu ina yonse motsatira chimenecho. Velo ya Flossy inali yachikasu pang'ono, sikanathandiza. Anafufuza kwina. Kumbuyo kwa akwati, pakona pamdima, panaoneka nsalu yoyera mbee. Iye anati ndi ya patebulo. Anadina.

Kubiriwira kunachokadi. Koma anthu onse anatuwa ngati phulusa, mkwati, abusa, ankhoswe, keke yomwe. Munthu mmodzi yekha ndiye anatuluka ndi khungu lake lenileni, lakuda bwino, lonyezimira ngati wadzola mafuta. Mayi woima pakona paja. Nsaluyo sinali ya patebulo ayi. Anali ataifunda kuyambira kumutu, mmene timakulungira maliro.

Saulos anayesa kubweza. Zinakana. Vidiyo inali yoimitsa, ovina onse ali chiimire, mikono m'mwamba. Anaphethira kamodzi. Mayi uja anali atafika kumbuyo kwa mpando wa Flossy.

Anazimitsa kompyuta, sinazime. Anazula chingwe kukhoma. Sikirini ili ngwee.

Anathamangira kuchitseko. Chitseko chosakhoma, koma ngati achiwotcherera. Anakankha ndi phewa, anamenya ndi zibakera, anaitana mlonda mpaka mawu kusasa. Kunja kuli zii, ngakhale galu. Thukuta lili kamukamu. M'kashopumo munayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula yoyamba inali isanadonthe.

Kenako, go go go.

Osati kuchitseko. Pagalasi la sikirini, chamkati.

"Mbani?" Mantha anamubwezera ku Chisena cha amake.

"Mwanawe," anatero mawu ofatsa a mzimayi, "tsiku lonse ndinaima pompaja. Pakhomo panga pomwe, wondipatsa mpando panalibe. Iwe wekha ndiwe wandiona. Usandibwezerenso mumdima."

Saulos anakhala pansi, msana kuchitseko, nkhope m'manja. Mpando wake wapulasitiki unalira kweche, mmene umalirira munthu akakhalapo. Ndipo wokhalapoyo sanachoke. Usiku wonse ankamumva akukonza nsalu yake.

M'mawa Esinala, wokazinga mandasi pafupi pomwepo, anamva kubuula. Anangokankha chitseko ndi chala chimodzi, chinatseguka. Pampando panalibe munthu. Saulos anamuyang'anitsitsa.

"Achemwali, mwatuwa chonchi bwanji? Mukudwala?"

Esinala ameneyo, wonenepa, masaya ali phuliphuli!

Kuchipatala anamuyeza maso, akuti alibe vuto. Koma mpaka lero tomato ndi papaya kwa iye n'zimodzi, phulusa lokhalokha. Akuluakulu akuti mlandu ndi wa Sebastiano, mnzathuyu anangolakwa kuuza makina kuti choyera chenicheni ndi nsalu ya wakufa. Vidiyoyo Flossy sanakaitenge.

Ndipo pamsika Saulos sadutsanso. Akuti pakati pa anthu otuwawo pamakhala mmodzi wa khungu lonyezimira, ndipo tsiku lililonse amakhala atasenderako.