Eluby Wafa mu Sisitimu

"Ndafa ine? Nesi, tandiyang'anani bwino! Wakufa amakwera kabaza?"

Eluby anamenya tebulo. Mzere wonse wa odikira mankhwala a BP unamucheukira. Linali Lachiwiri m'mawa, pa kachipatala kena m'chigwa cha Domasi.

Nesi Dina anatembenuza kompyuta. "Mayi, si ine. Onani. Dzina lanu lili pa D2. D2 ndi womwalira. Mankhwala sangatuluke."

"Ndiye kompyuta yanuyo inalipo pamaliro anga?"

"Mvetserani kaye. Kale ofesi iliyonse inkalemba zake, uyu late, uyu malemu, makompyuta osamvana. Pano khodi ndi imodzi. Wina akakuikani D2 kwinakwake, mwafa paliponse. Kuno, pa makuponi, pa ID, everything."

Eluby sanabwerere kunyumba. Straight kupolisi, thukuta lili kamukamu.

Sajeni Limbikani anayamba ndi kuseka. "Dandaulo la wakufa sitinalandirepo, mayi."

"Lero mwayamba. Lembani."

Analemba. Anaimba foni kuboma, namupatsa Eluby benchi. Iye anakana kukhala. Dzuwa litapendeka, yankho linabwera. D2 ija inalowera ku ofesi ya malo, pa akaunti ya munthu wa kontrakiti wolowetsa data.

"Akauntiyo ndi ya Jonasi," anatero Sajeni. "Mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa," anatero Eluby. Mlongo wake weniweni, bere limodzi. Chaka chatha chonse Eluby anali ku Joni, kuchapa zovala za anthu. Munda wa mpunga umene mayi awo anamusiyira, monga mwana wamkazi, anauika m'manja mwa Jonasi yemweyo.

"Munda wanu tsopano uli pa dzina lake," anatero Sajeni. "Akuti ndiye wotsala."

"Tiyeni. Komwe amamwera ndikukudziwa."

Anamupeza pa Songani, kuseri kwa golosale, akuseka ndi Harun, vendor wa mpunga. Jonasi ataona mlongo wake, botolo linamupulumuka.

Harun anadzuka pang'onopang'ono. "Aise, achemwali ako aja unati anathera ku Joni ndi awa?"

"Ndine ndemwe, bambo," anatero Eluby. "Mukugula munda wanga?"

"Ine ayi, mayi. Deal yafa." Anakwera njinga yake osacheuka.

Jonasi anayesa kudumpha ngalande. Sajeni anamugwira lamba. Unyolo khwa!

Kupolisi anaulula asanafunsidwe kawiri. "Bwana, ndimaona ngati zithera ku ofesi ya malo konko. Zaka zonsezi ofesi yathu sinkalankhulana ndi chipatala. Ndani ankadziwa kuti zalumikizidwa?"

"Training ya sisitimu yatsopanoyi sunapite?"

"Ndinangosaina, n'kutuluka."

Sajeni anapukusa mutu. Mlandu wachinyengo, Lachisanu kukhoti. Kenako anaimbanso foni, Eluby ali chilili, mpaka a kuboma anati D2 ija aichotsa mawa ndipo munda ubwerera kwa mwini wake.

Jonasi anakanirira pachitseko cha selo. "Achemwali, please. Tikakambirane kunyumba ngati abale. Amalume aweruze. Munachedwa kubwera, ine ndimaona ngati mwakhazikika konko."

"Ukanandiimbira. WhatsApp unali nayo, status umaika daily."

"Chabwino, ndalakwa. Koma muno sapatsa chakudya. Mundibweretsereko kampunga."

Eluby anamanga chitenje chake mwamphamvu, natola chikwama.

"Mpunga wanga sudzaulawanso, Jonasi."

Anatuluka, chitseko osatseka.