Mbendera ya Buluu ya Agogo Emil

Mng'ono wanga dzina lake ndi Nola. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nola ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kukwera sitima yapamtunda yakale ya m'tauni mwathu.

Sitimayo ndi yakuda bii. Imayendera malasha. Inaima zaka zambiri m'fakitale yokonzera sitima. Chaka chino anthu anaikonza. Anaipaka utoto. Anati Loweruka idzanyamula ana.

Koma tamverani izi. Ine ndinazimva kwa Mayi Pruitt, ogulitsa madonasi. Mayi amenewa pakamwa pawo sipagona nkhani. Anati sitima siyenda ayi. Kutsogolo kwake kuli kambendera ka buluu.

Kwathu kuno ndi mwana yemwe amalidziwa lamuloli. Mbendera ya buluu imati munthu ali pansi pa sitima, akukonza. Ikakhalapo, sitima siyenda. Woiika ndi yekhayo woichotsa. Ngakhale a meya sangaikhudze.

Pambenderapo panali dzina. Dzinalo linali Emil. Ndi agogo athu aamuna amenewo.

Agogo anaiika tsiku lomwe fakitale inatsekedwa. Belu linalira. Antchito onse anauzidwa kuti azipita kwawo. Chichokereni tsikulo, Agogo sanapondekonso. Popita kutchalitchi amalambalala, kudzera msewu wina.

Amayi anawapempha kuti akaichotse. Agogo anakana. A meya anaimba foni. Agogo anakana. Mayi Pruitt anabwera ndi madonasi. Agogo anadya atatu, kenako anakana.

Lachisanu masana Nola anawapeza pakhonde. Anakhala pafupi ndi miyendo yawo.

"Agogo, mumaopa sitima eti?"

"Iwe kachiwala iwe, ine kuopa sitima?"

"Nanga bwanji simufuna kukachotsa mbendera?"

Agogo anayang'ana manja awo. Kenako ananena motsitsa mawu.

"Mabuleki sindinamalize kukonza. Ndinasiya ntchito panjira. Ndimachita manyazi."

Nola anaganiza. Anaganizanso.

"Ine ndikasiya nyemba m'mbale, mumati ndimalize."

Ine ndinali kuseri kwa chitseko. Sindinkamvetsera ayi, ndinkangosesa. Ndinamva Agogo akuseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka m'mawa Agogo anavala chipewa chawo chamizeremizere. Anatenga sipanala yawo yakale. Nola anawagwira dzanja. Sanalambalale. Anadzera msewu wa kufakitale.

Anthu anali pikitipikiti. Atawaona, onse anapatuka. Anawapatsa njira.

Agogo anagwada pambali pa sitima. Mawondo awo analira. Anasuzumira pansi. Anagwira apa. Anagwira apo. Anapeza nati imodzi. Anaimanga pang'onopang'ono.

Mayi Pruitt akuti natiyo inali yolimba kale. Akuti amakaniko anali atamaliza zonse. Koma izi musauze munthu.

Agogo anadzuka. Anapita kutsogolo kwa sitima. Nola anawatsatira.

"Mwamaliza, Agogo?"

"Ndamaliza, mdzukulu wanga."

Anachotsa mbendera ija. Nola anawagwira dzanja ndi manja ake awiri.

Sitima inalira. Utsi unatuluka. Ana onse anakwera. Nola anakhala pawindo, pamiyendo pa Agogo. Ine ndi Amayi tinakhala kumbuyo kwawo.

Sitima inagwedezeka. Inayamba kuyenda. Agogo anatseka maso, kumvetsera mawilo.

Titafika pamlatho, sitima inaima bwinobwino.

"Wamva, kachiwala?" anatero Agogo. "Mabuleki anga amenewo."